Malume Anga a Gasitini, Amene Anakwatira Chilumba

Tinawaika m'manda mvula isanayambe, nthaka ili gwa moti adzukulu anathyola mpini wa khasu. Titabwerako kumanda, akazi awo aNaphiri anandikodola ndi dzanja. Anali atakhala pamphasa m'nyumba ya siwa, nsalu yakuda kumutu, mawu atasasa ndi kulira. Ndinagwada pafupi, ndikuganiza kuti akufuna madzi.

"Iwe, wazungulira panja ponse?"

"Ndazungulira, azakhali."

"Pali munthu wochokera kunyanja?"

"Palibe. Abale a ku Dambe abwera, a kwaya a ku Guilleme abwera, a Saidi a sitolo atumiza shuga. Koma wa kunyanja sindinamuone."

Anapumira m'mwamba, n'kukonza nsalu yawo. "Eya," anatero. "Ndiye kuti ndawaika ndine."

Mlendo akanamva mawu amenewa akanati nkhalamba yasokonezeka ndi chisoni. Ife a pamudzi tinawamva bwino. Womwalirayo anali malume anga, a Gasitini Mbewe, mlongo wawo wa mayi anga, ndipo moyo wawo wonse wa m'banja aNaphiri analimbirana mwamuna ameneyu ndi chilumba.

Ife a kwa Mlonyeni madzi sitiwadziwa. Timadziwa chitsime, dambo ndi matope a m'munda wa fodya. Koma malume akadzuka m'mawa, asanasukusule n'komwe, ankaima pabwalo, kunyowetsa chala ndi malovu, n'kuchiimika m'mwamba. Kenaka ankalengeza kwa aliyense amene ali pafupi, kaya ndi mbuzi, kuti lero kuli mwera, ngalawa singayende. Ngalawa yake iti, pamene choyenda chapafupi chinali ngolo ya ng'ombe? Usipa wa pamsika sankaudya. Ankati imeneyo ndi mitembo imene yachedwa kuikidwa. Akapeza nsomba yabwino ankaika nthuli m'kamwa mbali ino, minga n'kumatuluka yokha mbali inayo, ife ana kukamwa kuli yasa. Phokoso sankagwirizana nalo. Anthu akayamba kukwezerana mawu pamowa, iwo ankanyamula chipewa chawo. Ankati kumene anakhala iwo, anthu ophunzira kwambiri ankayenda ulendo wautali kuti akangokhala chete, pamene kuno anthu amamwaza mawu ngati madeya. Mayina athu, ana a mlongo wawo, ankawasokoneza. Ine anandiitana ndi dzina la mkulu wanga mpaka nditabereka. Koma ankakumbukira sisitere aliyense amene sankadya dzira. Zinkatiwawa zimenezi, ngakhale sitinkanena.

Kuphika anaphunzirira ku mishoni ya Guilleme ali mnyamata. Dziko litangolandira ufulu, wansembe wina wachizungu amene ankawakonda, Bambo Leo, anatumizidwa kukayang'anira nyumba yopumuliramo pa chilumba china chaching'ono pakati pa nyanja. Kumeneko kunkapita ansembe otopa, masisitere amene malungo awafooketsa, nthawi zina azungu a m'maofesi ofuna kupemphera ndi kukhala paokha. Bambo Leo anati sapita popanda wophika wawo. Malume anali atangotenga aNaphiri chitengwa, mwana woyamba ali kumsana. Anati apita chaka chimodzi chokha kuti apeze malata. Malata anagulidwa, nyumba inafoleredwa, mwana wachiwiri anabadwa, woyamba anayamba sukulu mpaka kumaliza pulayimale, malume akadali m'chaka chimodzi chomwecho. Kumudzi ankabwera pa Khirisimasi pokha.

Chilumbacho ndimachidziwa ngati ndinafikako, poti ankachifotokoza osatopa. Munthu ukhoza kuchizungulira ndi miyendo usanamve njala. Miyala ikuluikulu, milambe, nyumba ya alendo pamwamba, katchalitchi kofolera udzu, ndi khitchini yawo cha m'munsi, moyang'ana kotulukira dzuwa. Kunalibe sitolo, kunalibe msewu, kunalibe mudzi. Ufa, mchere ndi palafini zinkabwera pa ngalawa ya munthu wina wa kugombe dzina lake Yohane, kamodzi pamwezi, mphepo ikalola. Ikakana, ankadya zimene zilipo. Ankakonda kusimba za chaka china chimene mwera unakwiya kwa nthawi yaitali, ufa n'kutha, alendo ali odzaza nyumba. Anawadyetsa nsomba m'mawa, nsomba masana, mapapaya aawisi ophika ngati maungu, ndipo palibe amene anadandaula. Apa ankaima kaye, n'kuwonjezera kuti mwina ankafuna kudandaula, koma lamulo la kukhala chete linawathandiza iwo wophika.

Malume ndiwo anali wophika, wotunga madzi, wochapa, wolima ndi woimba belu. Dothi la dimba lawo anachita kulinyamula m'matumba kuchokera kumtunda, ulendo ndi ulendo, n'kulithira m'mipata ya miyala mpaka munamera tomato, mapapaya ndi mandimu. Uvuni wa buledi anaumanga okha ndi miyala ndi dongo. Mazira ankalimbirana ndi ng'azi. Poti alendo sankalankhula, anaphunzira kudziwa ndi maso okha kuti sisitere uyu sakupeza tulo, bambo uyu mano akumuvuta, phala lake likhale lamadzimadzi. Kusambira anaphunzira ndevu zitamera kale. Anawaphunzitsa ndi Yohane yemweyo, atawamanga chingwe m'chiuno ngati mbuzi.

Amuna a msinkhu wawo amene anapita ku migodi ya ku Joni ankabwera ndi njinga ndi chifuwa. Malume ankabwera ndi dengu la kampango wowamba, khungu lili see, masaya atatuluka. Bambo anga, amene msana wawo unapindika ndi fodya, sankatha kuzimeza zimenezi. Kampangoyo ankadya ndithu, mpaka kunyambita zala, koma malume akangotembenuka ankati, "Alamu angawa ali pa ntchito yanji? Yoweta azungu osalankhula? Ifenso atatipatsa, kukhala chete tingathe." Pamowa anthu ankawatcha a Pachilumba, dzina lachipongwe, koma lonenedwa malovu ali m'kamwa.

Komabe nsanje yoposa zonse imene ndinaionapo ndi maso anga inali ya malume eni ake. Apa n'kuti patapita zaka atachoka pachilumba paja, ntchito yawo ili m'manja mwa Yohane. Loweruka lililonse ankapalasa njinga kupita ku boma kukakhala pakhonde pa sitolo ya a Saidi, Msilamu wina amene kwawo kunali kunyanja. Sankagula kanthu koposa machesi. Ankadikira madalaivala a malole amene ankabweretsa nsomba zouma kumalire a Zambia, n'kumawafunsa mozungulira, ngati nkhani yongocheza. Tsiku lina ndinali m'sitolomo kugula sopo pamene dalaivala wina, akupopa tiyi, anawayankha kuti:

"Chilumba cha ansembe chija? Ndimachidziwa. Ndinanyamulapo sisitere wina wochokera kumeneko, anandigawira buledi. Madala, buledi ameneyo! Anthu kugombe konse amangoti buledi wa a Yohane."

Malume anaimirira pang'onopang'ono.

"Wa ndani?"

"Wa a Yohane."

"Mwana wanga, uvuni umene uja ndinamanga ndine ndi manja awa. Yohane ameneyo ndinamupeza sakusiyanitsa yisiti ndi mchere. Ankanyambita mbale zanga."

"Pepani madala, ine ndangonena zimene ndinamva. Akutinso anakuza khitchini, anadula mtengo wa mandimu umene unkatchinga."

"Anadula?"

A Saidi anayesa kuwagwira mkono, kuwathirira tiyi. Malume anakana. Njinga sanaikwere, anaikankha ulendo wonse mpaka kumudzi, ine ndili pambuyo. Tikulowa m'mudzi ndi pamene anatembenuka n'kundifunsa ngati ndikuganiza kuti dalaivala uja amaudziwadi buledi wabwino, kapena ndi aja amangomeza chilichonse.

Nkhani ya mmene anachokera pachilumba inayamba ndi ulendo wa aNaphiri. Anandifotokozera okha, tikusenda mtedza pakhonde, ine nditakwatiwa kale.

Anati chimene chinkawapweteka si kukhala okha. Akazi ambiri m'mudzi muno amuna awo anali kutali. Koma amuna a anzawo akabwera ankachita ulesi kubwerera, ena mpaka kugwetsa misozi pa siteji ya basi. A Gasitini ankafika Khirisimasi ili mawa, tsiku lachitatu ayamba kale kuyang'ana kummawa. Akazi kuchitsime anawathandiza kuganiza: kuli mkazi kumeneko, akazi a kunyanja amadziwa mankhwala. Chaka china aNaphiri anasiya ana kwa mayi anga, anamanga mtolo wawo n'kuuika pafupi ndi sutikesi ya amuna awo. Malume sanakane. Anangoti, "Tiyeni mukaone."

M'ngalawa anasanza mpaka ndulu. Atafika anayamba kufufuza. Anatembenuza mphasa, anapisa m'denga, ananunkhiza bulangeti, kufuna mkanda umodzi wokha. Palibe. Akazi pachilumba chonse anali masisitere awiri okalamba, wina woyendera ndodo.

"Ndinayamba kuchita manyazi," anatero aNaphiri. "Ndinati ndawalakwira bambo a ana. Ndiye kutacha ndikumva munthu akuimba kumadzi. Mawu aakulu, osangalala. Ndinatsika kukasuzumira kuseri kwa mwala. Ndi amuna anga, iwe! Ali m'madzi mpaka m'chifuwa, akuthirana madzi ndi Yohane ngati ana, akulankhula chilankhulo cha kumeneko, akuseka mpaka usinini kuoneka. Ine ndawaberekera ana awiri, koma sindinkadziwa kuti munthu ameneyu amaimba."

Anasiya kusenda, manja ali m'lichero.

"Akanakhala mkazi, mwanawe, ndikanamugwira, ndikanamung'ambira nsalu, nkhani n'kukathera kwa ankhoswe. Nanga mwala ungautengere kwa ankhoswe?"

Anawapempha amuna awo kuti abwerere kumudzi. Malume anawapempha kuti akhale. Bambo Leo anati awamangira nyumba ya banja. ANaphiri anafunsa kuti chimanga adzala pati, ana akaphunzira kuti, ndipo munthu akamwalira adzakumba pati pamwala pamenepo. Ngalawa itabweranso anakwera okha. Anayembekeza kuti amuna awo aima pagombe mpaka ngalawa itazimiririka. Atacheuka anawaona akukwera kale miyala, ndowa m'manja, poti nthawi ya belu inali itakwana.

Zinali zaka zija za makhadi, pamene munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi popanda khadi la chipani, ndipo mawu olankhula m'nyumba mwako momwe ankatha kukumanga. Pa Khirisimasi yotsatira, tsiku lina aNaphiri anabwera kuchokera kokonzekera magule a chipani, atatopa, mapazi atatupa. Malume anawaseka. Anati kuchilumba kulibe khadi, kulibe msonkhano, kulibe wovina mokakamizidwa. Tcheyamani wa kumeneko ndi nkhwazi, ndipo sasonkhetsa mazira. Anatinso kukacha bwino amaona mapiri a dziko la kutsidya, pafupi ngati ungawakhudze.

ANaphiri anapita nawo mawu amenewa kwa tcheyamani wa chipani wa dera lathu, a Chikadza. Ankaganiza kuti awaitana, awakalipira, awaletsa kuyenda mpaka kukolola. Bambo Leo atopa kudikira, apeza wophika wina, basi mwamuna wakhala pakhomo. Sanadziwe kuti mawu akuti kutsidya ndiwo amene akuluakulu ankawasaka masiku amenewo, poti n'kumene ankati kwabisala oukira boma. Munthu wa m'malire a Zambia, wogwira ntchito moyang'anana ndi dziko lina, wodya ndi azungu: zinakwanira. Anyamata a malaya ofiira anawagwira pa siteji ya basi m'mawa umene ankabwerera kuntchito. Sutikesi inabwera kumudzi yokha, itanyamulidwa ndi munthu wachifundo.

Mvula ya zaka ziwiri inagwa malume kulibe. ANaphiri anapita ku boma ndi chakudya kangapo, n'kumabwezedwa nacho. Anakagwada kwa a Chikadza, kunena kuti ananama. A Chikadza anawauza kuti akabwerezanso zimenezo nawonso alowa m'ndende, nanga ana atsala ndi yani? Anabwerera, nalima okha munda wonse, osauza munthu. Mudzi unkaganizira bambo anga chifukwa cha pakamwa pawo paja, ndipo mayi anga anakhala nthawi yaitali akuwaphikira osawayang'ana kumaso.

Malume anabwera ali mafupa okhaokha, mano akutsogolo atatha, atauzidwa kuti asadzatulukenso m'boma la Mchinji popanda chilolezo. Za kumene anawasunga sankafuna kuzikamba mpaka kufa. Atakhala pansi ndi kumwa madzi, funso lawo loyamba silinali la ana. Anafunsa ngati kunabwera uthenga wochokera kunyanja. Unalipo, wodzera kumishoni: Bambo Leo anadikira, kenaka anadwala n'kubwerera kwawo, ndipo wansembe watsopano anapereka khitchini kwa Yohane. Malume anamvetsera, nagwedeza mutu, n'kufunsa kuti nanga nkhuku zawo akuzitsekera ndani. Kwa mayi anga ananena chinthu chimodzi chokha: asiye kuwaganizira amuna awo, si iwo. Amene anawaperekayo sanamutchule.

Choonadi chinadzatulukira pa nsomba, patapita zaka zambiri. ANaphiri atagulitsa mtedza anapempha dalaivala wina kuti awabweretsere chambo chachiwisi, chokulunga m'chiguduli chonyowa. Anachiphika mosamala, n'kutiitana ife tonse a pakhomo. Malume analawa, n'kunena mwaulemu ndithu kuti nsomba iyi inafa kale, ya kuchilumba inkalowa mumphika ikuphiriphithabe. ANaphiri anaponya chipande pansi.

"Ndinakuperekani ndine! Mukumva? Ndine ndinapita kwa a Chikadza!"

Malume anapitiriza kutulutsa minga.

"Ndikudziwa, aNaphiri. Kumene ananditsekera kuja anandibwerezera mawu anga onse, mpaka a nkhwazi. Tsiku limene ndinawanena, m'nyumba munali inu ndi ine."

"Ndiye zaka zonsezi muli chete? Bwanji simunandimenye? Bwanji simunandisiye?"

"Ndikusiyeni ndipite kuti? Kumene ndinkafuna kupita munatsekako."

Anamaliza nsomba yonse, mpaka mutu, nasamba m'manja, n'kuthokoza wophika monga ankachitira masiku onse. ANaphiri ndiwo sanadye. Anakhala atayang'ana mbale yopanda kanthuyo mpaka ife tinabalalika mmodzimmodzi.

Zinthu zitasintha m'dziko, makhadi atatha, ana awo anafuna kuwaperekeza kuti akaone chilumba chawo komaliza. Anakana. Anati apite ngati mlendo, Yohane awalandire pagombe, awaonetse pogona, awapatse mbale? Ana anaumirira. Malume anati nkhani imeneyo ithere pomwepo, ndipo inatheradi.

Zaka zawo zomaliza anathera kudimba, kumunsi kwa mudzi, pamene pali kachitunda pakati pa dambo. Anamangapo msasa ndi uvuni, nadzala mapapaya ndi mandimu. Anthu atayamba kupatcha pachilumba cha a Gasitini, anakwiya. Anati amene akutero sanaonepo chilumba, ichi ndi chulu basi. Buledi woyamba kutuluka mu uvuni ankatumiza kwa aNaphiri akadali wotentha. Iwo ankadya, uku akudandaula kuti munthu nyumba ali nayo koma kutandala kuthengo ngati nyani.

Ndinapitako sabata yatha. Mvula ya chaka chino yachuluka, dambo ladzaza, ndipo thabwa limene ankawolokerapo linapita ndi madzi. Ndinachita kuvula nsapato ndi kukwinya nsalu. Denga la msasa lagwera m'kati mbali imodzi. Uvuni wang'ambika pamwamba, m'kati mwamera bonongwe, ndipo chitsulo cha pulawo chimene ankatsekera pakamwa pake chili chotsamira pomwe anachisiya. Mwala umene ankakhalira ukadali wosalala. Mapapaya adyedwa ndi mbalame ali mumtengo. Mandimu okha ndiwo abereka kwambiri, nthambi mpaka kukhudza madzi, koma pansi sindinapezepo ndimu lakugwa ngakhale limodzi. M'matope munali mapazi a munthu ndi timaenje ta ndodo.

Ndinawapeza aNaphiri kuseri kwa nyumba yawo, nsalu itanyowa mpaka m'mawondo, akukhuthulira mandimu pa mulu wa ena amene ayamba kuola. Mandimu sadya, amati amawapweteka mano. Ndinawafunsa kuti akudzivutitsiranji kuwoloka dambo tsiku ndi tsiku pa msinkhu wawo, bwanji osangowasiya agwe.

"Agwe apite ndi madzi?" anatero. "Iwe sudziwa? Madzi a dambo ili amathira mu Bua. Nanga Bua amathira kuti?"